Kapangidwe ka zokongoletsa pakhoma ndi zinthu zotola: zisafumbwe, zisachite chuku, zisagwe

Amene anayesapo kukongoletsa khoma ndi nthambi, makoko a mitengo ndi udzu amadandaula zinthu zitatu zomwezomwezo. Pakatha mwezi, pansi pa chinthucho pamayamba kugwa kaufa kachikasu. Mvula ikangoyamba, chimachita chuku n'kumanunkha ngati nsapato yonyowa. Kapena usiku wina mumangomva phi! pabalaza, m'mawa n'kupeza msomali wazuka pamodzi ndi chibenthu cha pulasitala.

Ine zonse zitatu zinandigwera. Choyamba chimene ndinapanga chinali cha malambe anayi ndi nthambi ya bulugama, ndipo chinakongola kwa milungu isanu yokha. Kenako m'mawa uliwonse ndinkakuntha ufa pa sofa, mpaka amayi anga atabwera kudzacheza anayang'ana pakhomapo n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, nkhokwe yofumbwa wayisamutsira pabalaza?"

Amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Pa ntchito iyi chotsitsa dzaye si kusowa luso ayi, koma kuthamangira kumata zinthu zisanaume, tizilombo tili moyo m'katimo. N'chifukwa chake malangizo ambiri pano ndi a ntchito yosaoneka imene imachitika guluu asanatsegulidwe. Kulumikiza kwenikweniko ndi kwa madzulo amodzi.

## Zofunika kukhala nazo

Zotola kapena zopempha:

- nthambi imodzi youma, yokhotakhota, yotalika masentimita 60 mpaka 80, yocheperako pang'ono mpini wa khasu
- makoko a jakaranda, makoko aatali a flamboyant, zibalobalo za paini, malambe kapena maye
- ngala za udzu, makoko a chimanga, nthenga za nkhanga zoweta
- chidutswa cha thabwa kapena lichero lakale, ndi chiguduli

Zogula:

- chingwe cha khonje, linya, ndi waya wofewa womangira zitsulo
- guluu woyera wa akalipentala
- sandipepa wokhakhala (nambala 80) ndi wosalala (nambala 180)
- vanishi wosawala ndi burashi yaing'ono
- sopo, Jik, viniga ndi matumba akuda a pulasitiki ochindikala
- misomali ya konkire, kapena masikuluu ndi mapulagi a mamilimita 6

Zida: mpeni wakuthwa, sowo yodulira zitsulo, pulayazi, hamala, singano yosokera matumba, mswachi wakale, tepi yoyezera ndi pensulo. Makina obowolera khoma musagule chifukwa cha ntchito imodzi, bwerekani. Zidutswa za matabwa akalipentala a ku Ndirande ndi ku Chirimba amakhala nazo milu, ndipo mukapempha mwaulemu amakupatsani pamtengo wa nkhuni.

## Kutola

1. Tolani pa nyengo yake. Udzu dulani mu Meyi kapena Juni, ngala zitakhwima koma osaka mbewa asanayambe kutentha tchire. Makoko ndi nthambi ndi za Ogasiti mpaka Okutobala. M'dzinja musavutike nazo: chilichonse chimene chili pansi chamwa madzi, ndipo chiswe chafikapo kale inu musanafike.

2. Yambani ndi pafupi. M'misewu ya ku Namiwawa, Sunnyside, Mandala ndi Nyambadwe muli mitengo ya jakaranda, ija imachita maluwa apepo mu Seputembala ndi Okutobala. Makoko ake ndi ozungulira, aphwatalala, olimba ngati kathabwa, ndipo akauma amayasama ngati kukamwa kwa chambo. Osesa amangowaunjika n'kuwatentha, choncho palibe amene angakukanizeni. Makoko a flamboyant, mtengo wa maluwa ofiira uja, amatalika mpaka masentimita 60, ndipo mukawagwedeza njere zake zimalira ngati chisekese. Malambe mumawapeza mumsika wa Limbe ndi wa Blantyre, kapena m'mbali mwa msewu popita ku Zalewa ndi ku Chikwawa.

Ngati mtengowo uli mumpanda wa munthu, wa tchalitchi kapena wa sukulu, chitani odi. Mlonda akakupezani mwawerama pansi pa mpanda muli ndi thumba m'manja, nkhani ya zokongoletsa pakhoma adzaimva mochedwa.

3. Nthambi ikhale yogwa kale, musadule yaiwisi. Yaiwisi imatenga miyezi kuti iume, ndipo pouma imang'aluka. Komanso mapiri athu tawameta kokwanira. Amene anaona matope ndi miyala zikutsetsereka kuchokera m'phiri la Soche kulowa m'nyumba za ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa kawiri. Ku Michiru ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kutulutsamo zinthu popanda chilolezo, ngakhale nkhuni zouma. Njira yapafupi ndi kufunsa kumene adulira mitengo ya mango, mapeyala kapena gwafa miyezi yapitayo. Nthambi ya gwafa ndiye ndimaikonda kuposa zonse: ndi yolimba, yokhota bwino, ndipo ikasendedwa imasalala yokha.

Musanainyamule, iyeseni. Igogodeni pamwala: yabwino imalira molimba, yowola imangoti bwi. Kanikizani ndi chikhadabo, chikalowa, isiyeni. Timabowo tonga ta singano ndi chizindikiro choti yafumbwa, ndipo dothi m'ming'alu ndi ntchito ya chiswe. Mizu imene mitsinje imasiya m'mbali madzi akaphwa imakhala ndi maonekedwe okoma kwambiri, koma ya mu Mudi ndi Naperi yakhala m'madzi auve. Igwireni mutavala magolovesi, ndipo pa nambala 7 musaidumphitse.

4. Dziwani zoti musakhudze. Makoko a chitedze amaoneka ofewa ngati ubweya wa mphaka, ndipo mlendo m'tchire amawatola mosangalala. Kuyabwa kwake simudzakuiwala. Utomoni wa nkhadze ukalowa m'diso umawononga. Njere za nsatsi, ndi tinjere tofiira ta kadontho kakuda timene ena amapangira mikanda, n'tokongola koma n'takupha mwana akatafuna, tisalowe m'nyumba. Chikuni chilichonse chitembenuzeni ndi ndodo musanapisepo dzanja, chifukwa pansi pake ndi pogona zinkhanira ndi njoka. Minga za nungu ndi nthenga za mbalame zakutchire zisiyeni. Nthenga za nkhanga zoweta n'zokwanira, ndipo ogulitsa nkhuku mumsika amangozitaya.

## Kuyeretsa ndi kupha tizilombo

5. Zotolazo zisalowe m'nyumba. Zitsitsireni pakhonde kapena kuseri, kutali ndi mafelemu a zitseko ndi thumba la chimanga. Kunthani dothi, tsukulani m'ming'alu ndi mswachi, kenako sendani khungwa lonse ndi mpeni. Ndikudziwa kuti khungwa ndi limene limaoneka lachimudzi, koma pakati pa khungwa ndi mtengo ndi pamene tizilombo timaikira mazira, ndipo pakapita nthawi limayoyoka lokha. Chotsani basi.

6. Malambe ndi maye afuna ntchito yapadera. Apa ndi pamene ine ndinagwera. Dambe lathunthu lili ndi ufa wotsekemera m'kati, ndiye kulipachika chomwecho ndi kuitanira anankafumbwe kuphwando. Yambani mwapala ubweya wakunja ndi sandipepa wokhakhala, muli panja, mutaphimba mphuno chifukwa umayabwa. Lichekeni pakati motalika ndi sowo yodulira zitsulo. Mukaliphwanya ndi mwala mupeza zibenthu, osati timabwato tiwiri tofanana. Ufa ndi njere patsani ana apange mafilizesi. Kenako palani ulusi wonse wa m'kati ndi supuni mpaka chigoba chiyere, osasiya ngakhale kachidutswa.

Maye achekeni chimodzimodzi akadali atsopano, kokotani zam'kati, tsukani. Dzaye mukaliumitsa lathunthu limawolera m'kati ndipo fungo lake limatulukira pakatha milungu iwiri.

7. Tsukani. Zolimba zonse, nthambi, makoko, zigoba ndi zibalobalo, zitsukeni ndi madzi a sopo. Kenako sakanizani kapu imodzi ya Jik m'makapu 10 a madzi, muviikemo mphindi 30, n'kutsukuluza ndi madzi oyera. Izi zimapha chuku chimene chili pamwamba. Zibalobalo za paini zikanyowa zimatseka. Musadandaule, zikauma zitsegukanso. Nthenga zichapeni ndi sopo m'madzi ofunda, muziyanike papepala. Udzu ndi makoko a chimanga musaviike, ingokunthani fumbi.

Chenjezo: Jik ndi viniga zisakumane mu beseni limodzi. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa poizoni wotsamwitsa. Viniga tidzamufuna pa nambala 11, tsiku lina, m'botolo lina.

8. Iphani zimene zili m'kati. Jik salowa pakati pa mtengo, ndipo mazira amakhala momwemo. Chimene chimafikako ndi kutentha kapena kuzizira. Mukaona thabwa la paleti, ija yosanjikapo katundu, lodindidwa zilembo HT, ndiye kuti linatenthetsedwa mpaka pakati pake panafika madigiri 56 kwa mphindi zosachepera 30. Umenewo ndiye muyezo umene mayiko anagwirizana wophera tizilombo ta m'matabwa, ndipo ndi umene nafenso tikufuna kufikira. (Paleti yodindidwa MB inathiridwa mankhwala oopsa, imeneyo musaigwiritse ntchito.) Sankhani njira imodzi malinga ndi zimene muli nazo.

Dzuwa. Zinthu zitauma (onani nambala 9), ziikeni m'thumba lakuda, mangani pakamwa, ikani pa lata kapena pakonkire poti dzuwa liziwomba tsiku lonse. Chitani masiku atatu, mukutembenuza masana aliwonse. Njira imeneyi imagwira mu Seputembala ndi Okutobala. Mu Juni, chiperoni chili pakhomo, mungodzinamiza.

Uvuni. Makoko, zigoba ndi zibalobalo ziikeni pathileyi pa madigiri 90 mpaka 100 kwa ola limodzi. Musachoke kukhitchini, chifukwa utomoni wa paini suchedwa kugwira moto. Udzu ndi nthenga zisalowemo.

Madzi owira. Zigoba za malambe ndi maye zimapirira mphindi 10 mumphika wowira. Vuto lake n'loti kuumitsa kumayambiranso.

Filiza. Nthenga, udzu ndi makoko a chimanga zimangeni m'thumba, zikhale mufiliza sabata yathunthu. Magetsi akathima tsiku lonse, onjezerani masiku. Potulutsa musamasule thumba mpaka litafunda, apo ayi chinyezi chigwera pa zinthuzo.

Utsi. Nthambi yaitali imene singalowe mu uvuni ipachikeni pamwamba pa moto m'khitchini ya nkhuni kwa milungu iwiri, monga agogo amachitira ndi chimanga cha mbewu. Imatuluka yofiirira mochititsa kaso. Ipukuteni mwaye musanapitirize.

Wina adzakuuzani kuti muwaze mankhwala osungira chimanga, kapena mupake oyilo wakuda wa galimoto kapena Solignum, mankhwala otetezera matabwa aja. Zimenezo n'za mitengo ya mpanda ndi ya kudenga. Pabalaza pamene ana amagona pamkeka sizoyenera, ndipo oyilo amasiya banga pakhoma limene penti saliphimba.

## Kuumitsa

9. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo. Zonyowa zikaikidwa padzuwa lamphamvu zimauma kunja msanga, m'kati muli madzi, ndiye zimang'aluka. Ziikeni pa waya kapena pathandala, osati pasimenti. Udzu umangeni timitolo tokula ngati chala chachikulu, muupachike chozondotsa kuti ngala ziwongoke. Makoko a chimanga apsinjeni pakati pa mapepala ndi njerwa pamwamba. Makoko ndi zigoba zimafuna sabata, udzu milungu iwiri, nthambi milungu itatu kapena inayi. Kukagwa chiperoni lowetsani pakhonde ndipo masikuwo musawawerengere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

10. Yesani kawiri. Kuyesa chinyezi: ikani chinthucho m'thumba loonekera, mangani, ikani padzuwa ola limodzi. Mukaona timadontho m'thumbamo, sichinaume. Kuyesa tizilombo: chigonekeni pa pepala lakuda kapena pansalu yakuda kwa sabata, kenako chigogodeni. Kaufa kakagwa, bwererani ku nambala 8. Kakagwanso kachiwiri, chinthucho ndi nkhuni. Sonkhezerani moto musachite nacho chisoni.

## Mtundu ndi vanishi

11. Ngati mukufuna kuti mtengo uoneke wakalekale, simufunika penti. Ikani kachidutswa ka waya wotsukira mapoto m'botolo la viniga, chivindikiro chisatsekedwe kwambiri chifukwa mumatuluka mpweya, ndipo dikirani masiku awiri kapena atatu. Kwechani nthambi ndi sandipepa, wokhakhala kenako wosalala. Ipakeni tiyi wakuda bii wopanda shuga, iume, kenako pakani madzi a m'botolo aja. Chitsulo chosungunukacho chikakumana ndi ukali wa tiyi, mtengo umasanduka wotuwa kapena wakuderako inu mukuona. Yesani kaye kunsonga, chifukwa mtengo uliwonse umatenga mtundu wakewake. Bulugama amada msanga kuposa paini.

12. Pakani vanishi musanalumikize, osati pambuyo. Mukapaka mutamanga kale, amaundana m'mfundo ndipo chingwe cha khonje chimauma gwa ngati waya. Pakani mopyapyala kawiri, tsiku limodzi pakati. Ku zigoba pakani kunja ndi m'kati. Pamalo pamene padzakhale guluu pasiyeni, chifukwa guluu woyera sagwira pa vanishi. Vanishi wowala ndimamukana: dambe limaoneka ngati lapulasitiki la mu shopu, ndiye kuvutika konse kuja kunali kwa chiyani? Amene ali ndi phula la njuchi angathe kulisungunula n'kupaka ndi kansalu. Mafuta ophikira ayi. Amasasa n'kuitana nyerere ndi mphemvu.

## Chokongoletsa choyamba: nthambi ya zolendewera

13. Pezani mmene nthambi ikufunira kugona. Mangani chingwe cha khonje kunsonga zonse ziwiri, masentimita 5 kuchokera kumapeto, muikoleke pa msomali wa pakhonde. Nthambi yokhota imadzitembenuza yokha mpaka itapeza pokhazikika. Musalimbane nayo. Mbali imene yayang'ana kwa inu ndiyo kutsogolo; lembani ndi pensulo. Pamene chingwe chadutsa sepani kamzere ndi mpeni kuti chisatsetsereke.

14. Yalani zonse pansi musanamange. Gonekani nthambi pamkeka, muyale zolendewera m'munsi mwake m'mizere isanu kapena isanu ndi iwiri. Wapakati ukhale wautali, mwina masentimita 60, ya m'mbali izifupikira. Zolemera monga zigoba za malambe zikhale pakati ndi m'munsi, zopepuka monga nthenga m'mbali. Jambulani ndi foni. Chithunzi chimaulula kupendekeka kumene maso sanakuone, ndipo chidzakukumbutsani dongosolo mukayamba kumanga.

Langizo langa: mitundu ya zinthu isapitirire itatu. Makoko a jakaranda, nthenga za nkhanga ndi maye awiri n'zokwanira. Mukaikapo chilichonse chimene munatola, alendo adzayamba kukufunsani ngati mumaombeza.

15. Bowolani. Tenthetsani msomali pambaula, mutaugwira ndi pulayazi, mubowole nawo makoko ndi zigoba. Bowo likhale sentimita imodzi kuchokera m'mphepete. Mukakhoma msomali wozizira ndi hamala, khoko la jakaranda limagawanika pomwepo.

16. Tungani ndi kumanga. Dulani chingwe chilichonse motalikirapo masentimita 20 kuposa mmene mukufunira, chifukwa mfundo zimadya chingwe. Tungani ndi singano yosokera matumba, ndipo pansi pa chinthu chilichonse mangani mfundo yokula kuposa bowo. Nthenga zisonkhanitseni zitatuzitatu, donthezani guluu kutsinde, kulungani ndi ulusi. Pomangirira kunthambi yambani ndi mzere wapakati, nthambi ili chopachikika, kenako kumanja, kumanzere, kumanja, mukuona kuti siikupendekeka. Mukakhutira, donthezani guluu pa mfundo iliyonse. Khonje amamasuka yekha akamwa chinyezi n'kuumanso.

## Chachiwiri: duwa la makoko pa thabwa kapena m'lichero

17. Konzani tsinde. Thabwa la masentimita 40 mbali zonse ndi lokwanira. Chapani chiguduli, chiume, muchikoke pathabwapo n'kuchikhomera kumbuyo ndi timisomali. Lichero silifuna chiguduli, koma liyenera kudutsa pa nambala 8 ngati china chilichonse, makamaka ngati linkapetera chimanga. Ikani chopachikira tsopano lino: masikuluu awiri kumbuyo ndi waya pakati. Mukaiwala, mudzafunika kugoneka duwa lanu chafufumimba kuti mukhome, ndipo lidzaphwanyika.

18. Yambirani kunja kulowa m'kati. Jambulani mizere itatu yozungulira pogwiritsa ntchito mbale, sosala ndi kapu. Mzere wakunja ikani ngala za udzu kapena makoko a chimanga odula ngati masamba, nsonga zitaloza kunja. Wachiwiri ikani makoko a jakaranda ogawa pakati, kuti aphimbe matsinde a udzu. Pakati penipeni pakhale chibalobalo cha paini kapena theka la dzaye. Mzere uliwonse umabisa zolumikizira za mnzake, ndiye mukayambira pakati guluu yense adzaonekera.

19. Zopepuka matani, zolemera sokani. Guluu woyera amafuna kupsinjidwa. Ikani thumba la mchenga kapena la mpunga pamwamba kwa ola limodzi, ndipo thabwa likhale chogona maola 24. Chilichonse cholemera kuposa dzira chibowoleni, mudutsitse waya wofewa kapena linya mpaka kumbuyo kwa thabwa, n'kupotokola ndi pulayazi. M'lichero n'kosavuta, waya amangodutsa m'mipata ya nsungwi. Guluu wa mfuti yamagetsi uja amafulumira, koma m'nyumba ya malata yopanda siling'i, Okutobala akafika, amafewa ndipo zinthu zimagwa chimodzichimodzi ngati mango akupsa.

## Kupachika

20. Sankhani khoma louma. Pewani khoma logundana ndi bafa, khoma limene limawombedwa ndi mvula kunja, ndi lililonse limene penti wake akutumphuka m'munsi. Pewaninso pamwamba pa mbaula, pa shelefu ya makandulo, ndi pafupi ndi babu. Udzu wouma ndi vanishi sizichedwa kuyaka. Dzuwa la pawindo limafufutsa nthenga ndi udzu pa miyezi yochepa.

21. Yezani. Pakati pa chokongoletsacho pakhale masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi. Ambiri timapachika pafupi ndi denga ngati kalendala yobisira ana. Ngati chili pamwamba pa sofa, pakati pa zolendewera ndi sofa pasiyeni masentimita 20 kuti mlendo asamakodwe tsitsi.

22. Musakhome molunjika pamwamba kapena pansi pa swichi ndi soketi. Mawaya a magetsi amadutsa momwemo m'kati mwa pulasitala. Patukani masentimita 20 kapena kuposapo.

23. Khomani molingana ndi khoma lanu. Matani kachidutswa ka tepi ya pepala pamalopo kuti pulasitala asathetheke. Ngati chinthucho sichikupitirira kilogalamu imodzi, msomali wa konkire ndi wokwanira: ulowe chopendekera pansi, mukumenya pang'onopang'ono, nkhope itapatuka chifukwa msomali umenewu ukathyoka umauluka. Cholemera chimafuna bowo la mamilimita 6, pulagi ndi sikuluu. Nyumba zambiri za m'makwalala mwathu zinamangidwa ndi njerwa zowotcha zolumikiza ndi dothi, simenti ili pa pulasitala pokha. Msomali ukangoti lowu mosavuta, mwagwera mumzere wa dothi. Sunthirani masentimita atatu m'mwamba kuti mupeze njerwa. Mukatha, kokerani pansi ndi dzanja mwamphamvu musanapachike kanthu.

A lendi, funsani kaye. Ine nditapempha, eni nyumba anangoti, "Achimwene, bowo limodzi si mlandu, koma potuluka mudzatseke." Akakana, pachikani pa chitsulo cha makatani kapena pa msomali umene ulipo kale. Timbedza tomata tija sitigwira pa khoma la laimu. Timachoka ndi laimuyo.

24. Siyani mpata kumbuyo. Matani tizidutswa tiwiri ta mphira kapena ta chitsekero cha botolo kumbuyo kwa thabwa, m'makona a m'munsi, kuti mphepo izidutsa. Thabwa logundana ndi khoma limasunga chinyezi, ndipo mudzapeza chithunzi chake chakuda pakhoma pochotsa.

## Zolakwa zimene zimachitikachitika

Kuona kuti chinthu chauma kunja n'kuganiza kuti chatha. Nthambi yogwa chaka chatha imatha kukhala ndi mphutsi yamoyo pakati. Nambala 8 ndi 10 n'zosadumphitsa ngakhale kwa nthambi yooneka yoyera.

Kupaka vanishi pofuna kutsekera tizilombo m'kati. Sitifa. Timabowola vanishiyo n'kutuluka. Chimodzimodzinso kupaka pa chinthu chachinyezi: vanishi amachita mbuu ngati mkaka ndipo chuku chimamera pansi pake.

Kugwiritsa ntchito chimanga, nyemba, mpunga, mapira kapena zitsononkho zotsalira maso. N'zokongola pa tsiku loyamba, koma makoswe amakwera khoma, ndipo chingwe cha khonje kwa iwo ndi makwerero.

Kupukuta ndi nsalu yonyowa. Fumbi la ku Blantyre mu Seputembala silisowa, koma lichotseni ndi burashi ya penti youma kamodzi pa milungu iwiri. M'dzinja, dzuwa likawala bwino, chitulutseni pakhonde kwa maola awiri.

Kupanga chaching'ono pakhoma lalikulu. Pamwamba pa sofa ya anthu atatu, kathabwa ka masentimita 30 kamaoneka ngati sitampa pa envulopu. M'lifupi mwake chikhale pafupifupi magawo awiri mwa atatu a sofayo, kapena ikani malichero atatu osiyana kukula moyandikana.

Kunyalanyaza kaufa koyamba. Mukangokaona pansi, chotsani chinthucho tsiku lomwelo, chiikeni m'thumba lakuda, mangani, tulutsani panja. Sesani ufawo, kenako yang'anani mafelemu a zitseko, miyendo ya mipando ndi madengu amene ali m'chipindamo ngati ali ndi timabowo tatsopano. Yalani pepala lakuda pansi pa chilichonse chimene mukuchikayikira, mudzalione pakatha sabata.